Amene Adzawerenge Chilengezo cha Achemwali

Achemwali anga amakhala ku England ndi amuna awo ndi ana awiri, ndipo chaka chino akubwera kumudzi kudzadya Khirisimasi. Usiku wina ananditumizira pa WhatsApp chilengezo chimene ankafuna kuika pa tsamba lina la pa intaneti, limodzi mwa masamba amene amakumanitsa eni nyumba ndi anthu ofuna kudzasunga nyumba ndi ziweto. "Undionereko Chingerezichi, mng'ono wanga, mwina ndaphonya penapake," anatero. Chingerezi chinalibe vuto. Chimene chinandisowetsa tulo ndi zimene mawuwo ankaulula.

Masamba otere alipo angapo. Rover inayambira ku Seattle mu 2011, ndipo kumeneko wosunga ziweto amalipidwa. TrustedHousesitters inayambira ku Brighton mu 2010, ndipo kumeneko mwini nyumba ndi wosunga salipirana: aliyense amapereka ndalama ya umembala pachaka, wosunga n'kumagona mwaulere posinthanitsa ndi kusamala ziweto. Achemwali anali ndi chifukwa chomveka chofunira munthu. Inshulansi zambiri za nyumba ku Britain zimachepetsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30 kapena 60, komanso mphaka wa ana sangatsale yekha. Kwathu kuno akanangoitana mwana wa achimwene kuti azidzagona m'nyumba, n'kuuza aneba kuti aziponyako maso. Mwanayo akalakwa, makolo ake timawadziwa, ndipo mlandu uli ndi pokakhala. Uko kulibe mwana wa achimwene.

M'Chichewa, chilengezocho chinkati:

"Ndife banja lochezeka, ndipo tikufuna munthu wokonda ziweto kuti adzakhale m'nyumba mwathu kuyambira pa 12 Disembala mpaka pa 20 Januwale, pamene tonse tidzakhale tili ku Africa. Nyumba ili kumapeto kwa msewu wosatulukira kwina, pamalo a zii, kuseri kuli paki, ndipo aneba ndi anthu osalowerera za eni. Mphaka wathu Tiya ndi wa mtundu wa Bengal, ndi wofatsa ndipo amapita kwa aliyense. Kiyi mudzamupeza m'kabokosi ka pakhomo. Mlamu wathu ali ndi kiyi wina ndipo azidzabwera nthawi zina kudzatenga makalata. Pabalaza pali kamera, koma ndi yoonera mphaka basi. Mudzamve kuti muli kwanu."

Ziganizo zisanu ndi ziwiri, ndipo chilichonse chinalembedwa ndi mtima wabwino. Achemwali ankalemba akuona munthu mmodzi m'maganizo: mayi wachikulire wopuma pantchito, wokonda amphaka, amene ayenera kukopedwa kuti asankhe nyumba yawo osati ina. Koma chilengezo si kalata yomata. Pa tsamba limene anasankhalo, aliyense wolembetsa amaona tauni, masiku ndi zithunzi, ndipo wodzagona m'nyumbamo ndi mmodzi yekha mwa onsewo.

Taonani chiganizo choyamba. Mawu olemera kwambiri m'menemo ndi akuti "tonse". Achemwali anawaika pofuna kutsimikizira wosunga kuti sadzasokonezedwa, koma mawu omwewo akunena kuti palibe wa m'banjamo amene adzatsale. Kenako pali masiku, olembedwa ndendende, usiku 39, ndi mtunda: Africa, kumene munthu sangabwerere madzulo omwewo atamva kuti kwagwa zina. Mu 2010 anyamata atatu a ku Netherlands anatsegula tsamba lotchedwa Please Rob Me. Silinkaba chinsinsi cha munthu aliyense. Linkangotolera mauthenga amene anthu ankalemba okha pa Twitter kudzera pa Foursquare, onena kumene ali pa nthawiyo, n'kuwandandalika ngati nyumba zimene eni ake achoka. Cholinga chawo chinali kuchenjeza. Anthu aja ankaulula za madzulo amodzi. Chiganizo cha achemwali chikuulula za milungu yoposa isanu, komanso chikuneneratu nthawi isanakwane.

Wina anganene kuti nyumbayo sidzakhala yopanda munthu, poti wosunga adzakhalamo. Ndi zoona, ndipo ndiwo ubwino wa njira imeneyi. Koma chilengezo chimaoneka wosungayo asanapezeke, ndipo amene adzakhalemo ndi mlendo wosadziwa kuti galimoto yaima panjayo ndi ya pamsewupo kapena ayi.

Chiganizo chachiwiri ndi chimene ndinachiwerenga kangapo, chifukwa ndi chokoma kwambiri ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. "Pamalo a zii." "Kuseri kuli paki." "Aneba osalowerera za eni." Kwa wotopa ndi phokoso la mumzinda, amenewa ndi malonjezo a mpumulo. Mukawawerenga ndi diso lina, akunena kuti pamsewupo sipadutsa anthu, kuti kuseri kuli polowera popanda nyumba ina yoyang'anizana napo, ndiponso kuti aneba sasuzumira. Tsambalo silionetsa nambala ya nyumba, koma m'tauni yaing'ono misewu yosatulukira kwina yogundana ndi paki ndi yowerengeka, ndipo chithunzi choyamba mwa zimene achemwali anasankha chinali cha kumaso kwa nyumba, chitseko ndi mtundu wake woonekera patali. Munthu wa mphindi zochepa ndi Google Street View angathe kuyenda msewu ndi msewu mpaka atachipeza chitsekocho.

Zithunzi nazo ndi mbali ya chilengezo, ndipo zimalankhula zimene wolemba sanafune. Pa chithunzi cha kukhitchini panali kalata ya kusukulu kwa ana yomatidwa pa firiji, chizindikiro cha sukulu chikuoneka bwinobwino. Pa china panali makiyi atapachikidwa pafupi ndi khomo. Izi zingaoneke ngati kukokomeza, koma mu 2008 akatswiri a pa University of California, San Diego, anasonyeza kuti kiyi angasulidwe kuchokera pa chithunzi chojambulidwa pa mtunda wa mamita pafupifupi 60. Palinso zimene maso saona. Foni imatha kusunga mkati mwa chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira. Mu 2014 Owen Mundy, mphunzitsi wa ku Florida State University, anatenga zithunzi za amphaka zimene eni ake anaziika poyera pa intaneti n'kuziyala pa mapu a dziko lonse, chilichonse pafupi ndi pamene chinajambulidwa. Ntchitoyo anaitcha I Know Where Your Cat Lives. Masamba akuluakulu ambiri masiku ano amafufuta zimenezi chithunzi chikamaikidwa, koma chikatumizidwa pa imelo momwe chilili, kwa munthu amene wangopempha kuti aone nyumba bwino, chimapita ndi zonse.

Za Tiya sinditalikitsa, ngakhale ndi amene wachititsa zonsezi. Kutchula mtundu wake ndi kutchula mtengo wake, pakuti Bengal ndi mphaka wodula, ndipo "amapita kwa aliyense" ndi kunena kuti sangavute kunyamula. Kuba ziweto kunakula mpaka England inachita kukhazikitsa lamulo lakelake, Pet Abduction Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 24 Ogasiti 2024, ndipo wolakwa angakhale m'ndende mpaka zaka 5. Kachipangizo kamene amphaka a ku England amayenera kuikidwa pansi pa khungu kuyambira pa 10 Juni 2024 kamathandiza kudziwa mwini wake mphaka akapezeka, koma sikalondola kumene wapita. Dzina lake nalo ndi nkhani. Mu 2021 bungwe la boma la National Cyber Security Centre linapeza kuti anthu 15 mwa 100 alionse ku Britain anagwiritsapo dzina la chiweto ngati pasiwedi. Nditawafunsa achemwali za pasiwedi ya intaneti ya m'nyumba mwawo, anakhala kaye chete.

Kufika apa, woopsezedwa ndi mwini nyumba. Kuyambira pa chiganizo chachisanu zinthu zikutembenuka, ndipo apa ndi pamene ndinatsutsana nawo kwambiri achemwali.

"Mlamu wathu ali ndi kiyi wina ndipo azidzabwera nthawi zina." Kwa achemwali, mlamuyo ndi m'bale, munthu amene amadya naye mbale imodzi. Kwa wosunga, ndi mwamuna wosamudziwa dzina, wokhala ndi kiyi wa nyumba imene iye akugonamo yekha, wobwera pa nthawi yosatchulidwa. Mawu akuti "nthawi zina" alibe tsiku, alibe ola, alibe lonjezo loti adzayamba waimba foni kapena kugogoda. Taganizani mayi wachikulire uja, amene achemwali ankamulembera mwachikondi chotere, ali m'bafa n'kumva kiyi akutembenuka pakhomo. Ndipo pali kusalingana kumene ndinakuona pa tsambalo. Wosunga amayenera kuonetsa chiphaso ndi maumboni a anthu amene anawasungirapo nyumba, ndipo ena amachita kuonjezerapo kalata ya DBS yosonyeza ngati ali ndi milandu. Achemwali sanafunsidwe kuti ndani winanso ali ndi kiyi. Mlamu sanafunsidwe kanthu ndi wina aliyense, chifukwa pa tsambalo iye kulibe.

Tsopano kamera. Chiganizochi chili ndi timawu tiwiri togwira ntchito yaikulu, "koma" ndi "basi". "Koma" akusonyeza kuti wolemba akudziwa kale kuti pali chodetsa nkhawa. "Basi" akuyesa kuchichepetsa. Vuto ndi lakuti "yoonera mphaka" ndi cholinga cha mwini wake, si malire a chipangizocho. Kamera sisankha. Idzaona mphaka, idzaonanso munthu atavala zogonera, ndipo zambiri mwa kamera zimenezi zimamvanso mawu, kotero idzamva akulankhula ndi dokotala wake kapena akulira pa foni ndi mwana wake. Achemwali anati iwo si munthu wosuzumira anzawo, ndipo ndikuwakhulupirira ndi mtima wonse. Koma zojambulidwazo sizikhala m'manja mwawo okha. Mu 2023 bungwe la Federal Trade Commission ku America linagwirizana ndi kampani ya Ring, ya Amazon, kuti ilipire madola 5.8 miliyoni, pa mlandu umene unaphatikizapo wantchito amene ankaonera mavidiyo ambirimbiri a makasitomala aakazi ojambulidwa m'zipinda zogona ndi m'mabafa. Airbnb, imene ntchito yake ndi yobwereketsa malo ogona, kale inkalola kamera pabalaza malinga mwini nyumba waulula. Kuyambira pa 30 Epulo 2024 inaletsa kamera iliyonse ya m'kati mwa nyumba, youluridwa kapena yosauluridwa. Ndikuona kuti anachita bwino. Kuulula kumangochotsa bodza, munthu n'kumakhalabe akuonedwa.

Ndiye chiganizo chomaliza chikubwera pomwepo, chogundana ndi cha kamera: "Mudzamve kuti muli kwanu." Ndikudziwa kuti achemwali ananena izi moona, chifukwa ndi mawu amene mayi athu ankalandirira nawo mlendo aliyense, ndipo mlendoyo ankapatsidwa madzi osamba ndi chipinda chake, chitseko n'kutsekedwa. Ziganizo ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi. Chimodzi chiyenera kuchoka.

Tinakambirana mpaka usiku. Masiku enieni anawachotsa, n'kungolemba kuti pakati pa Disembala ndi Januwale pamene tsamba limalola kutero, ndipo za Africa ndi "tonse" anafufuta. Chithunzi cha chitseko, cha firiji ndi cha makiyi anachotsa. Za kabokosi ka kiyi adzauza munthu mmodzi yekha, atalankhula naye pa vidiyo, ndipo nambala yake adzaisintha akadzabwerera. Makalata a kubanki ndi mapasipoti akale adzawatsekera m'chipinda chimodzi. Kamera anavomera kuizula n'kuiika m'kabati, ndipo m'malo mwake adzapempha wosunga kuti azitumizira ana chithunzi cha Tiya madzulo.

Za mlamu sizinathe. Ndinati, "Achemwali, muwapemphe kiyiyo mpaka mudzabwerere, makalata wosunga akhoza kumawasunga." Anayankha kuti kulanda kiyi kwa mchimwene wa amuna ako si chinthu chapafupi, angaone ngati sakukhulupiriridwa, ndipo nkhani yake ingafike kumudzi iwo asanafike. Anati alankhula kaye ndi bambo a ana. Chilengezocho sanachiikebe, ndipo ndege yawo ndi ya pa 12.