Za Mwala wa Kuthambo Wochedwa Apophis

Abale, tiyeni tiyese mau a olemba nkhani amene aopseza anthu kuti mwala wa kuthambo wochedwa Apophis udzaphwanya dziko lapansi. Mwalawo ulipodi, ukulu wace ngati mamita 340, ndipo pa 13 April 2029 udzapita pafupi ndi ife, mtunda wa makilomita ngati 32,000. Mu 2004 akatswiri a zakuthambo anaopa kuti ungatigunde. Koma atauyesanso mu 2021, anatsimikiza kuti sudzatikhudza pa zaka 100 zirinkudza. Mau otsirizawa olemba aja sawachula, pakuti mantha ndiwo agulitsa nyuzi.

Colakwa cao cacikulu ndi ici: atiopseza ndi mwala umene njira yace idziwika, naiwala miyala yosadziwika. Mu 2013 mwala waung'ono, wa mamita ngati 20, unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia popanda wouona ulinkudza, nuvulaza anthu ngati 1,500, ambiri ndi magalasi osweka. Cakudza siciimba ng'oma. Cifukwa cace wolemba wokhulupirika alimbikitse nchito yofunafuna miyala yobisikayo, asacititse anthu kutaya makasu ndi kudikira cionongeko cimene sicidzafika.