Kapisozi pa Mfundo ya Dzanja

Wodwala amafika atatopa nazo. Anagwa miyezi yapitayo n'kutsamiza dzanja pansi, X-ray sinaonetse chothyoka, koma mpaka lero kufinya chovala kapena kupotokola kiyi n'kowawa. Wojambula wa MRI wodziwa ntchito sathamangira makina. Amayamba wapempha kuti: "Tandilozerani ndi chala chimodzi pamene pakupwetekapo." Pomwepo amamatapo kapisozi wa mafuta a nsomba ndi pulasitala. Mafutawo amawala pachithunzi, ndipo dokotala wowerenga zithunzi, amene mwina sadzakumana naye n'komwe wodwalayo, amadziwa poyambira.

Chimandigometsa kwambiri ndi kagonekedwe. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8 tothithikana, ndipo kamtsempha komanga tiwiri mwa ito, scaphoid ndi lunate, n'kokhuthala mamilimita awiri kapena atatu basi. Maginito a MRI amajambula bwino pakati penipeni pa mphako ya makinawo, osati m'mbali. Choncho munthu amagonekedwa chafufumimba, mkono atautambasulira kutsogolo ngati akusambira, kuti dzanja lifike pakatipo. Kugona koteroko n'kozunza. Phewa limachita dzanzi, makina akugogoda m'makutu, ndipo mphindi 20 kapena 30 zimatalika. Chala chikangogwedera, chithunzi chasokonekera. Apa ndi pamene katswiri amaonekera: kapilo pansi pa chifuwa, siponji m'mbali mwa dzanja, kathumba ka mchenga pachigongono, kenako mawu odekha apakati pa ntchito: "Mukuchita bwino mayi, zatsala mphindi zinayi."

Zikatheka, fupa limaulula. Mng'alu wa scaphoid umene unabisala pa X-ray umaoneka utazunguliridwa ndi madzi owala m'kati mwa fupa. Lunate yosowa magazi imada isanayambe kuphwanyika. Robert Kienböck wa ku Vienna anafotokoza nthendayi mu 1910 ali ndi X-ray yokha, yomwe imaionetsa fupa litawonongeka kale.

Koma MRI ndi yolongolola, imanena ndi zosafunsidwa zomwe. Kumbali ya chala chaching'ono kuli kachichereŵechereŵe kotchedwa TFCC, ndipo mwa achikulire ambiri n'kobooka popanda kuwawa kulikonse. Wowerenga waphuma angachione chibowocho n'kulemba kuti wapeza gwero. Wosamala amayang'ana kaye pomwe pali kapisozi uja. Akaona kuti ali kumbali ya chala chachikulu, amalemba za chibowocho mzere umodzi, n'kubwerera kukafufuza pansi pa kadontho kowalako.