Chaka chowerenga mokweza

Disembala ikafika ndimatsegula kope langa lakale lija, n'kuwerenga mndandanda wa mabuku amene ndamaliza, kenako n'kudzitama pang'ono. Chaka chino palibe chodzitamira. Mabuku alipo 9 basi, pomwe chaka chatha anapitirira 20. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi onsewo ndawawerenga mokweza, ndipo kuwerenga mokweza sathamanga nako.

Bambo anga anachita ng'ala m'maso onse awiri. Munthu amene anaphunzitsa ku pulayimale moyo wake wonse, wosagona asanaone tsamba la buku, anangotsala ndi wailesi. Podikira opaleshoni anabwera kudzakhala kwathu, ndiye tsiku lina magetsi atazima anangoti, "Iwe, mabuku onsewa ndi okongoletsera nyumba? Tandiwerengera limodzi." Tinayamba choncho. Tikadya nsima madzulo, iwo pampando wawo, ine ndi tochi ya pafoni, mutu umodzi kapena iwiri.

Ndikuuzeni anzanga, khutu limaweruza mwankhanza kuposa diso. Diso limadumpha ndime yotopetsa mwakachetechete, mwini wake osadziwa n'komwe. Khutu silidumpha. Chiganizo chikapotoka lilime limapunthwa pomwepo. Komanso bambo ali ndi kachizolowezi kawo. Nkhani ikawagwira amasiya kugwedeza mwendo. Ikafa amayasamula mosabisa, kapena kufunsa ngati geti latsekedwa. Chaka chonse chino ndaweruza mabuku poyang'ana mwendo umenewo.

Tinayamba ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe linatuluka mu 1933 litachita bwino pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa. T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi mbiri ya munthu kuyambira kubadwa mpaka kumanda: mwana wopulupudza, wakuba, wovutitsa mudzi, amene pambuyo pake akhala nyakwawa n'kutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Masamba amene Nthondo ali pa upulupudzi wake ndi okoma kwabasi. Chichewa chake chimathamanga, anthu amayankhulana ngati anthu, ndipo bambo mwendo uli zii, nthawi zina kuseka mpaka kutsokomola. Koma tikuyandikira kumapeto ndinamva ziganizo zikuwongoka ngati ana a sukulu akaona ahedi akubwera. Ndinaika buku pansi n'kunena kuti, "Apa a Ntara asiya kusimba, ayamba kulalikira."

Bambo sanagwirizane nane. "Iwe unabadwa tchalitchi chili kale pamenepo," anatero. "Agogo ako anasiya mowa ndi gule tsiku limodzi, mudzi wonse n'kuwasala. Ukuyesa zinali zopeka zimenezo?" Ndinakhala chete, chifukwa ankanena zoona. Kwa anthu a m'badwo wa Ntara kutembenuka chinali chinthu chachikulu kwambiri chimene chikanamuchitikira munthu, ndipo ine wa lero ndikamachiona ngati chigamba chosokerera kumapeto kwa nkhani, vuto mwina ndi langa. Komabe dandaulo langa silinathe, linangosintha malo. Sindikudandaula kuti Nthondo watembenuka. Ndikudandaula kuti zimene bambo anandiuza m'mawu ochepa aja, kusalidwa, kusekedwa, kutaya anzako a kudambwe, sindinazimve kulemera kwake m'bukumo. Kuba kwa Nthondo ndinakuona ndi maso. Kutembenuka kwake ndinangouzidwa.

Kenako tinatenga Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, nkhani ija ya nsanje, kuphana panjira yochokera kokagwira ntchito, ndi mbalame yoimba imene siilola kuti magazi abisike. Tisanafike n'komwe pa nyimbo ya mbalameyo bambo anali atayamba kale kuiimba, mawu a zaka 60 zapitazo akutuluka okha. Bukuli nalonso lili ndi phunziro, loonekeratu ngati phiri la Mulanje. Koma apa phunzirolo aligwirira ntchito ndi mbalame. Wowerenga amachita mantha limodzi ndi wakuphayo, amafuna kuti mbalame ikhale chete pomwe akudziwa kuti iyenera kuimba. Apa m'pomwe ndinazindikira kuti mdani wanga si chilangizo ayi. Agogo athu pamoto ankalangiza usiku uliwonse ndipo palibe ankayasamula. Mdani wanga ndi wolemba amene samukhulupirira wowerenga, amene akamaliza kuphika amafunanso kukutafunira.

Pakati pa chaka tinalowa m'mabuku a Chingerezi a anthu akwathu. I Will Try la Legson Kayira, la 1965, linayenda bwino: mnyamata wa kumpoto kuyenda wapansi mpaka kukafika ku Khartoum, kufuna sukulu ya ku America, n'kukaipezadi. Bambo analikonda monga mphunzitsi aliyense angalikondere. Koma limene linasintha chaka chathu ndi And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, la 2011, momwe akusimba za kumangidwa kwake mu 1987 ndi kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amene tinkawerenga bukuli bambo sankaseka, sankayasamulanso. Usiku wina anandiimitsa pakati pa ndime n'kuyamba kusimba za mphunzitsi mnzawo wa pasukulu ina ya kumudzi, amene anabwera kudzatengedwa ndi galimoto usiku, mkazi wake n'kutsala ndi ana atatu, aphunzitsi onse m'mawa mwake n'kulowa m'kalasi ngati palibe chachitika. "Ine ndinatenga kalasi yake," anatero. "Ndinafufuta zimene analemba pabolodi." Zaka zonsezi ndakhala mwana wawo, nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo.

Anaisimba m'Chichewa, ndipo Chichewa chake chinali cholemera kuposa chilichonse chimene ndawerenga chaka chino. Nditagona ndinayamba kufufuza m'mutu: ndi buku liti la Chichewa limene ndinawerengamo nkhani ngati imeneyi? Pa mabuku amene ali pashelefu yanga, palibe. Zowawa zenizeni za dziko lino, ndende, mantha, kusowa kwa anthu, ndazipeza m'Chingerezi. M'Chichewa ndapezamo mtsikana wosamvera makolo, mnyamata wotengeka ndi za m'tauni, mwana wamasiye wopirira, ndi mathero omwe aliyense amalandira malipiro ake. Zili ngati tinagawana ntchito: Chingerezi chizinena zopweteka, Chichewa chizilangiza ana.

Kugawana kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mabuku oyamba a Chinyanja anasindikizidwa ndi amishoni, ndipo ankafuna zowerenga za kusukulu ndi kutchalitchi. Kenako taonani chaka cha 1968. Chaka chimenecho Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo chaka chomwecho kunabwera lamulo lokhazikitsa Censorship Board yoona zimene anthu aziwerenga, kumvera ndi kuonera. Chilankhulo chinakwezedwa ndi dzanja limodzi, dzanja linalo litagwira kukamwa. Wolemba m'Chingerezi anali ndi pothawira. Ndakatulo za Mapanje za Of Chameleons and Gods zinasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo atamangidwa anthu akunja anali atamuwerenga kale, anamufuulira. Nanga buku la Chichewa likanathawira kuti? Wosindikiza ali momwemuno, owerenga ali momwemuno, wolifufuza ali momwemuno, ndipo aliyense akumva liwu lililonse. Sindingawanyoze alembi a nthawi imeneyo chifukwa cholemba za mwana wosamvera. Anali ndi ana awo oti alere.

Koma 1994 inadutsa kalekale, zaka zoposa 30 tsopano. Chotiletsa lero n'chiyani? Ine ndikuona kuti ndi mayeso. Buku la Chichewa limene limagulidwa mochuluka ndi limene lasankhidwa kuti liziphunzitsidwa kusekondale, ndiye wolemba amakhala pansi akumva kale funso lija tonse tinaliyankha pa MSCE: kodi tikuphunzirapo chiyani pa nkhaniyi? Funso limenelo likalowa m'mutu mwa wolemba asanalembe tsamba loyamba, ampangankhani ake amabadwa atavala kale yunifolomu. Woipa aipiretu, wabwino akomeretu, kuti wophunzira asavutike pogawa mfundo.

Ena amati vuto ndi chilankhulo chenichenicho, eti Chichewa chilibe mawu okwanira nkhani zozama. Bodza limenelo linathera pakhonde pathu m'miyezi iwiri. Choyamba bambo anapempha buku la Yobu, m'Buku Lopatulika lawo lakale lija, Baibulo limene William Murray ndi anzake anamaliza kumasulira n'kutuluka mu 1922. Kalembedwe kake ndi kakale, lilime langa linkapunthwa, koma mphamvu yake, eee! Munthu wataya ana ndi chuma, wakhala paphulusa, akutsutsana ndi Mulungu mutu ndi mutu, ndipo Chichewa chikusenza zonsezo osawerama. Ndipo taonani mathero ake: amene akudzudzulidwa ndi anzake atatu aja, amene anabwera ndi phunziro lokonzakonza kudzamuuza Yobu chifukwa chimene akuvutikira. Alangiziwo ndi amene analakwa. Tinaseka ndi bambo titafika pamenepo.

Chachiwiri chinali Chipasupasu, Things Fall Apart ya Chinua Achebe imene Benedicto Wokomaatani Malunga anaimasulira m'Chichewa. Ya Chingerezi ndinaiwerenga kangapo, koma akuluakulu a ku Umuofia akamayankhula m'miyambi m'chilankhulo chathu amamveka ngati madoda a pabwalo la milandu kwathu. Titafika kumapeto, Okonkwo atadzimangirira, mzungu wa boma akuganiza zomuika m'kandime ka buku lake, ndinatseka. Bambo anati, "Basi? Latha?" Ndinati latha. Anakwiya pang'ono, ngati munthu amene wamanidwa ndiwo. Koma masiku atatu otsatira nkhani inali yomweyo: kodi Okonkwo akanatha kukana kupita nawo kokapha Ikemefuna? Kodi Nwoye analakwira bambo ake kapena anadzipulumutsa? Pa za Nwoye anabwereranso kwa agogo anga aja osiya gule, ndipo ulendo uno anali iwo amene ankafunsa, ine n'kumangomvera. Buku lopanda phunziro lolembedwa kumapeto linawaphunzitsa aphunzitsi kwa masiku atatu, pomwe mabuku ena awiri atsopano, omwe sinditchula mayina, anatha ndi kuyasamula ndipo m'mawa mwake tinali titawaiwala.

Ndiye mukandifunsa buku labwino koposa la chaka chino, ndinena Chipasupasu, kenako Yobu, kenako theka loyamba la Nthondo. Zikundiwawa kuti awiri oyambawo ndi omasuliridwa. Zikusonyeza kuti mphika ndi wolimba, ungathe kuphika chilichonse, koma eni akefe timangowiritsamo phala la ana. Ngati mukudziwa nthano yaitali ya Chichewa imene imamusiya wowerenga ndi funso m'malo mwa yankho, chonde ndiuzeni, ndiifunafuna ngakhale pa mabuku akale a m'mbali mwa msewu.

Opaleshoni inachitika mu Novembala, diso limodzi. Tsopano bambo amatha kuwerenga okha zilembo zikuluzikulu, koma madzulo amandiitanabe. Sabata yatha ndinagula kope latsopano n'kuwapempha kuti asimbenso za mnzawo uja, pang'onopang'ono, ine ndizilemba momwe akuyankhuliramo. Anaganiza nthawi yaitali, kenako uphunzitsi unawatulukira. "Nanga anthu aphunzirapo chiyani?" Ndinati kaya. Anagwedeza mwendo kanthawi, n'kuusiya.

"Chabwino, lemba. Koma dzina lake usalembe, ana ake alipo. Uyambire pabolodi paja."