Ndemanga pa Dzina la Kuyang'anizana Popanda Chotchinga

Oyeza malo ndi amisiri a wailesi ali ndi ganizo limene m'Chingerezi amalitcha "line of sight". Tanthauzo lake ndi lakuti pakati pa malo awiri pali njira yowongoka imene sikutsekedwa ndi phiri, nyumba kapena mtengo. Mafunde a wailesi ya FM ndi a kanema amayenda motero. Mmisiri akalimva molakwa ganizoli, mlongoti umaimikidwa polakwika, ndipo mudzi wa kuseri kwa phiri umatsala wosamva kanthu. Choncho tiyesa mayina atatu amene omasulira angathamangire.

Loyamba ndi "mzere wa maso". Ili talikana, pakuti ndi Chingerezi chovala mawu athu. M'Chichewa mzere ndi wa m'munda kapena wa anthu a ku chigayo, ndipo maso sandanda pamzere.

Lachiwiri ndi "poonekera". Tsinde lake ndi -on-, lolandira msintho wochitika -ek- ndi wochitira -er-. Vuto lake ndi lakuti limanena za malo amodzi okha. Tikati "waika katundu poonekera" sititchula amene akuona, pamene ganizo lathu lifuna nsonga ziwiri.

Lachitatu ndi "kuonana". Msintho wochitirana -an- ukubweretsadi mbali ziwirizo, koma mneniyu anatengedwa kale ndi tanthauzo la kukumana, monga mu "tionana mawa".

Mayina onsewa ali ndi chilema chinanso: amadalira diso. M'mwezi wa Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri, koma mafunde a FM amadutsabe. Chotchinga chenicheni nthawi zina ndi kubulungira kwa dziko. Msodzi amene maso ake ali mita 1 pamwamba pa nyanja amaona madzi kufika pafupifupi makilomita 3.6 okha, pamene wokwera mamita 100 amafika makilomita 36. N'chifukwa chake munthu wa ku Nkhata Bay amaona mapiri a kutsidya kukayera, osaona gombe lake.

Ife tikuvomereza "kuyang'anizana popanda chotchinga". Anthu amanena kale kuti "nyumba zathu n'zoyang'anizana" ngakhale nyumba ilibe maso, ndipo mawuwa amakhala oona usiku ndi usana, m'chifunga ndi padzuwa. Motero mneniyu akusunga mbali ziwiri ndi kulunjika, osafuna woona. "Chotchinga" akuwonjezera chimene chinatsala, popeza nyumba ziwiri zingayang'anizane pakati pali mpanda.

Ena adzati dzinali latalika. Tikuvomera. Koma m'buku la amisiri lingalembedwe lonse poyamba, kenaka n'kumangoti "milongoti ikuyang'anizana". Okonza mawu a sayansi ayambe amvetsa ntchito ya chinthu, ndipo akatero afunefune mneni amene anthu akumugwiritsa kale ntchito pa zofanana nazo.