8128 ndi "yangwiro" kapena "yokwanira"?

Tiyambe ndi nambalayo. Tengani manambala onse amene amagawa 8128 popanda chotsala, kupatula iyo mwini: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 127, 254, 508, 1016, 2032 ndi 4064. Mukawaphatikiza, mupeza 8128 yomweyo. Manambala a khalidwe limeneli ndi osowa kwambiri. Pali 6, 28, 496, kenako 8128, ndipo yotsatira ili kutali, pa 33550336. Euclid anasonyeza kapangidwe kake: 127 sigawika ndi nambala ina koma 1 ndi iyo yokha, ndiponso ndi 128 kuchotsapo 1, choncho mukaichulukitsa ndi 64 mupeza nambala ya mtundu uwu. Patapita zaka mazana ambiri, Euler anatsimikiza kuti manambala onse otere ogawika ndi 2 amapangidwa njira imeneyi.

Vuto langa lili pa dzina. Pachingerezi amati perfect number, ndipo womasulira wachangu amangoti "nambala yangwiro". Sindikugwirizana nazo. Mawu akuti ungwiro ife timawamva kutchalitchi. Amanena za mtima wopanda banga. Mwana wa fomu 2 akamva "nambala yangwiro" adziwapo chiyani za 8128? Palibe. Mwinanso aganiza kuti 8127 inachimwa.

Mawu a Chigiriki, teleios, amanena za chinthu chathunthu, chofika pamlingo. Nicomachus wa ku Gerasa, amene analemba za 8128 cha m'ma 100 AD, anagawa manambala m'magulu atatu poyang'ana ngati zogawa zake zikupitirira, zikuchepera kapena zikufanana ndi nambalayo. Apa Chichewa sichivutika n'komwe. Zogawa za 12 zimapereka 16, ndiye 12 ndi yosefukira. Za 8 zimapereka 7, ndiye ndi yoperewera. 8128 ndi yokwanira. Mawu atatuwa amawadziwa aliyense amene anayezapo chimanga pa ndowa, ndipo amafotokoza okha tanthauzo, zimene "yangwiro" siingachite chifukwa imachotsa nambalayi pakati pa anzake awiri aja.

Koma tisanamizane kuti zonse zili bwino. Tayesani kutchula 8128 m'Chichewa: zikwi zisanu ndi zitatu, zana limodzi, makumi awiri, zisanu ndi zitatu. Mpweya watha kale, komanso "ndi" akugwira ntchito ziwiri. Poti timawerenga kufika pa zisanu kenako n'kumawonjezera, "zikwi zisanu ndi zitatu" ikhoza kukhala 8000 kapena 5003. Chimodzimodzi "anthu makumi asanu ndi atatu": ndi 80 kodi, kapena 53? Nthawi zina mgwirizano wa magulu a mayina umatipulumutsa, monga "nkhuku makumi asanu ndi zitatu", pomwe zi- akuloza nkhuku osati makumi. Pa anthu chipulumutso chimenechi palibe. N'chifukwa chake "kudza" ndi "mphambu", amene timawapeza m'Buku Lopatulika, si mawu okometsera chabe: amalekanitsa "ndi" wa mkati mwa nambala ndi kuphatikiza magawo. Amene amawataya poti ndi achikalekale akutaya chida.

Pamsika tipitiriza kunena "eyiti sauzande", ndipo ine sindikuonapo mlandu. M'buku tilembe 8128 basi. Pomwe kubwereka kumapweteka ndi pa mayina a magulu, chifukwa pamenepo wophunzira amafunika kumva ganizo, osati kungoloweza mawu. Funso loti kodi ilipo nambala yokwanira yosagawika ndi 2 silinayankhidwebe mpaka lero, ndipo taonani, lafunsika m'Chichewa popanda kukakamiza.