Mmene Ofufuza Adayankhira Mlandu wa Zambezi

Wochokera ku Mwanza, akadutsa chipata cha Zobue n'kutsetsereka mpaka kupitirira Moatize, amafikira ku Matundo asanakwere mlatho wa Samora Machel wolowera pakati pa mzinda wa Tete. Pamenepo mtsinje wa Zambezi umaoneka wotambalala, woyenda mwaufulu monga udalengedwera. Koma si mmene zilili. Kuyambira mu December 1974, pamene khoma la Cahora Bassa lidatseka mtsinjewu kufupi ndi Songo, madzi odutsa pa Matundo amachuluka kapena kuchepa potsata kwambiri zofuna za magetsi, osati nyengo ya mvula. Za ubwino ndi kuipa kwa damuli anthu akangana zaka 50. Chimene chandigwira mtima ine ndi luso la kagulu ka ofufuza amene, ataponyeredwa mafunso owawa, sadapse mtima kapena kubisala m'mabuku awo. Funso lililonse adalisandutsa ntchito, n'kupita kukaigwira.

Amene adamanga damuli tiwapatse ulemu wawo. Khoma lotalika mamita 171 pakati pa mapiri, makina asanu opukusa mamegawati 2,075, nthambo zoyenda makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku Apollo m'dziko la South Africa: imeneyi si ntchito yamasewera. Nzeru imene idawatsogolera, yomwenso idamanga Kariba m'ma 1950, inali yomveka. Madzi amene afika kunyanja ya mchere osapukusa makina ankatengedwa kuti atayika, ndipo kusefukira kwa mtsinje kunali mdani wofunika kumugonjetsa. Mtsinje wabwino, m'maganizo amenewa, ndi woyenda chimodzimodzi chaka chonse.

Anthu a m'mbali mwa mtsinje ankadziwa zina. Kale madzi ankayamba kukwera mvula ikakhazikika, n'kufika pachimake mu February kapena March, kenaka n'kumaphwa pang'onopang'ono mpaka October ndi November. Pobwerera ankasiya dothi lakuda la makande, ndipo mlimi ankawalondola pambuyo ndi khasu lake, kubzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata m'madimba. Nsomba zinkaswana m'madambo odzaza. Bryan Davies, katswiri wa zamoyo za m'madzi amene adaufufuza mtsinjewu damu lisanatsekedwe, adalangiza kuti nyanja ya damulo idzazidwe mosathamanga, kwinaku madzi okwanira akupitabe kumunsi. Sadamumvere, adaidzaza m'dzinja limodzi lokha. Mu 1975 Ken Tinley adalemba zochenjeza kuti madambo a Marromeu, kumatsiriro a mtsinje, awonongeka ndi damuli.

Odzudzulawo nawonso adadzudzulidwa, ndipo mafunso amene adalandira sanali opusa ayi. Manambala anu ali kuti? Mukudziwa bwanji kuti ndi damu, popeza kuyambira 1977 mpaka 1992 dziko linali pankhondo, anthu akuthawa m'midzi, nyama zikuphedwa? Zimene akunena agogo anuwo, si kudandaula kwa wokalamba aliyense kuti kale kunkakoma? Ndipo ngakhale zitakhala zoona, dziko losauka litaye magetsi chifukwa cha mbalame?

Funso la nkhondo linali lolemera zedi. M'ma 1970 njati za ku Marromeu zinkawerengedwa m'masauzande ambirimbiri. Nkhondo itatha zidatsala zochepa. Wofufuza waulesi akadangoloza chala ku Songo n'kukhala pansi. Koma njati ndi ndiwo, ndipo mfuti zinali paliponse, choncho njati si mboni yodalirika pa mlandu wa madzi. Richard Beilfuss wa bungwe la International Crane Foundation ndi Carlos Bento wa ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo adaitana mboni ina. Ndi mbalame yotchedwa wattled crane, yaitali miyendo, ya khosi loyera ndi tinyama tiwiri tolendewera m'munsi mwa mlomo. Mbalameyi ndi yosankha kwambiri. Chakudya chake chachikulu ndi timizu tozungulira ta udzu wina wa m'dambo, timene imafukula ndi mlomo m'matope, ndipo timizuto timachuluka pokhapokha dambo likadzaza n'kuphwa pa nthawi yake. Imamanga chisa madzi akayamba kutsika, pamalo pozunguliridwa ndi madzi osaya, ndipo imalera mwana mmodzi yekha. Madzi akapanda kubwera chakudya chimasowa, dambo limauma, moto ndi zilombo zimafika pachisa.

Adaziwerenga mbalamezi ali m'ndege zazing'ono, adazitsatanso wapansi m'matope. Zimene adapeza n'zimene zimandikondweretsa kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Mbalame zoswana zinali zitaunjikana mbali imodzi, m'munsi mwa zitunda za Cheringoma, kumene dambo limadzazidwabe ndi timitsinje tochokera m'zitundamo, topanda damu lililonse. Mbali yodalira madzi a Zambezi zinali zitaisiya. Taonani kukongola kwake: dambo limodzi, nkhondo imodzi, alenje omwewo, koma kusiyana kwake n'kwakuti kuno madzi amasefukirabe, uko adaleka. Palibe munthu akadatha kukonza kuyesa kotere. Malowo adakukonza okha. Luso la awiriwa linali maso ozindikira kuti yankho la funso la nkhondo lili pompo, m'dambo, ndiponso kuleza mtima kowerenga zisa chimodzichimodzi.

Nanga za agogo zija? Apa adalowa olemba mbiri. Allen Isaacman wa ku University of Minnesota, amene wakhala akufufuza mbiri ya chigwa cha Zambezi kuyambira m'ma 1960, adagwira ntchito limodzi ndi Beilfuss, Arlindo Chilundo wa ku Mozambique ndi Wapulumuka Mulwafu wa ku Malawi, kumvetsera anthu a m'midzi ya kumunsi kwa damu. Buku limene Allen ndi Barbara Isaacman adatulutsa mu 2013 lidatsamira pa kucheza ndi anthu oposa 300: alimi, asodzi, amene Apwitikizi adawasamutsa n'kuwaunjika m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, ndi amene adaswa miyala pomanga khomalo.

Wofunsa uja sankanama. Munthu wochotsedwa pamunda wake amaukumbukira wobiriwira kuposa mmene unalili, zaka za njala n'kuziiwala. Olemba mbiri odziwa ntchito sakana zimenezi. Mawu oti kale kunkakoma sawatengera patali. Amasunga tinthu tating'ono timene tingayezedwe. Madzi ankafika pati? Mwezi uti? Munkakolola kangati pachaka? Nsomba yakutiyakuti idayamba kusowa liti? Anthu a m'midzi yotalikirana, osadziwana, akanena zofanana, ndipo zonenazo zikagwirizana ndi makalata akale a boma la Apwitikizi komanso manambala a oyeza madzi pa Tete ndi pa Mutarara, ndiye kuti sikulinso kudandaula kwa ukalamba. Ndi umboni.

Ndipo agogowo adabweretsa chinthu chimene manambala adachibisa. Woyeza madzi akaphatikiza za mwezi wonse n'kupeza nambala imodzi, kukwera kwa madzi kwa masiku awiri sikuoneka. Koma mlimi wa kudimba amakuona, chifukwa masiku awiriwo ndi amene amiza chimanga chake m'chilimwe, pamene zipata zatsegulidwa iye osadziwa. Adaonetsanso ngozi ina. Madzi a chaka ndi chaka ataleka kubwera, anthu adasendera kumtsinje, n'kumanga pamalo pamene makolo awo sakadagonapo m'dzinja. Koma madzi saiwala khwawa. Mu 1978, komanso mu 2001, damu litalephera kusunga madzi onse, chigumula chidawapeza anthu m'njira yake. Damu lidathetsa kusefukira kwakung'ono kumene kunkadyetsa anthu. Kwakukulu kumene kumapha silidakuthetse.

Mboni ina idachokera kunyanja ya mchere. Mu 1992 Tor Gammelsrød wa ku Norway adaonetsa kuti kuchuluka kwa camarão (tinkhanu ta m'nyanja ya mchere) amene asodzi amagwira pa Sofala Bank kumayendera limodzi ndi madzi amene Zambezi wathira m'nyanja nthawi ya dzinja. António Hoguane wa ku Mozambique adapitiriza kafukufukuyu. Popeza camarão anali m'gulu la katundu wobweretsa ndalama zambiri zakunja m'dzikolo, mawu oti nkhaniyi ndi ya mbalame basi adatha mphamvu.

Mu 1997 akatswiri a mbali zosiyanasiyana adakumana ku Songo komweko, pakhomo pa oyendetsa damu, osati mumzinda wakutali kumene akadangogwirizana okhaokha. Chimenechi ndimachiyamikira, chifukwa funso lomaliza, la magetsi, silikadayankhidwa popanda kumvetsa mavuto a injiniya. Ndipo mavutowo ndi enieni. Zipata zisanu ndi zitatu za Cahora Bassa sizingatulutse nthawi imodzi madzi a chigumula chachikulu kwambiri chimene chingabwere. Pa chifukwa chimenechi oyendetsa damu amatsitsa nyanja mvula isanafike pachimake, kuti pakhale malo olandirira madzi. Akapanda kutero, khoma lili pangozi, ndipo Tete ali kumunsi kwake. Tanthauzo lake n'lakuti zaka zambiri madzi ena amatulutsidwa ndithu osapukusa makina, kungoti amatuluka pa nthawi yosathandiza dimba, nsomba kapena dambo.

Beilfuss, amene adaphunzira za kayendedwe ka madzi, adakhala pansi n'kugwira samu ya injiniyayo. Adatenga manambala a madzi a zaka zoposa 90, n'kuwayendetsa pakompyuta m'njira zosiyanasiyana zotsegulira zipata: madzi ochuluka chonchi, kwa masabata akuti, mu December kapena mu February. Njira iliyonse adaiwerengera magetsi amene angatayike. Mogwirizana ndi Cate Brown wa ku South Africa, adagwiritsa ntchito ndondomeko yotchedwa DRIFT, imene imasonkhanitsa akatswiri a nsomba, ulimi, ziweto, nyama zakutchire, mbalame ndi zaumoyo, aliyense n'kunena chimene chingachitike ku mbali yake pa njira iliyonse. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2010. Zidaonetsa kuti pali njira zobwezera kusefukira kwa chaka ndi chaka zimene zingadye gawo laling'ono chabe la magetsi, ndiponso kuti msodzi, mlimi, camarão ndi mbalame ija sakulimbirana kwenikweni: onse akufuna madzi okwera m'dzinja.

Chondikhutiritsa pa ntchito imeneyi n'chakuti sadanene kuti damu ligumulidwe, sadalonjezenso kuti mtsinje wakale ubwerera wonse. Pamene njira ina ikudya magetsi ambiri, adalemba kuti ikudya magetsi ambiri. Adamuyankha injiniya m'mamegawati, muyeso umene iye amaukhulupirira, kotero kuti wokana ayenera kukana ndi manambala akenso. Wodzudzula amene wakuwerengera mtengo wa zimene akupempha ndi wovuta kumuthamangitsa.

Sikuti onse adathera pamodzi. Thayer Scudder, amene pamodzi ndi Elizabeth Colson adayamba mu 1956 kutsata moyo wa Atonga a ku Gwembe, pa nthawi imene anthu pafupifupi 57,000 ankasamutsidwa chifukwa cha Kariba, adakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti damu lalikulu lingamangidwe mokomera anthu ngati lakonzedwa bwino. Adali mmodzi wa makomishonala a World Commission on Dams, imene idatulutsa lipoti lake mu 2000. Mu 2014 adanena poyera kuti wasintha maganizo, kuti madamu akuluakulu sapindulitsa poyerekeza ndi zimene amawononga. Wina angagwirizane naye kapena ayi, koma munthu wa zaka zoposa 80 kusiya chikhulupiriro cha moyo wake wonse chifukwa cha zimene waona ndi maso, ameneyo ndi wofufuza weniweni.

Chilungamo chomwecho chimafuna kuti tisamakankhire madzi onse ku damu. Amene adalowa m'nyumba za ku Chingodzi, pafupi ndi Matundo, mu March 2019 adachokera mu Revúbuè, osati ku Songo. Wofuna kumvedwa pa nkhani ya Cahora Bassa ayenera kusiyanitsa zimenezi, apo ayi mawu ake onse apepuka.

Kuyambira mu November 2007 kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa ili m'manja mwa Mozambique, koma damu likuyendetsedwabe poika magetsi patsogolo. Ife a ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa nthambo za magetsi zochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka zikutimangirira ku mtsinje womwewu. Ndipo mu December 2023 boma la Mozambique lidasainirana mgwirizano ndi EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo womanga damu lina la mamegawati 1,500 pa Mphanda Nkuwa, pakati pa Cahora Bassa ndi Tete. Likamangidwa, ndilo lidzakhale chipata chomaliza madzi asanafike pa Matundo.

Inu a ku Matundo ndi midzi ya kumunsi, ndi inu atolankhani a mbali zonse ziwiri za malire, pamisonkhano ya Mphanda Nkuwa musakhutire ndi mawu oti akatswiri aona kale. Funsani kuti madzi azidzatulutsidwa mwezi uti, ochuluka bwanji, azidzakwera ndi kutsika kangati patsiku, ndipo adzachenjeza ndani mlimi wa kudimba zipata zisanatsegulidwe. Funsaninso ngati kafukufuku wa 2010 uja wawerengedwa, ndipo ngati akumukana, atulutse manambala awo.