Manja Ochepa Opanga Masewera a Chikondi

Masewera a pakompyuta ofunsira mbeta, a zithunzi za anime, anatchuka ku Japan makamaka kampani ya Konami itatulutsa Tokimeki Memorial mu 1994. Koma ine amene amandigwira mtima ndi timagulu ta anthu ochepa, topanda kampani yotilipira, timene timagwira ntchitoyi usiku anzawo atagona.

Ndi ntchito ya ukadaulo ndithu. Wojambula amajambula nkhope ya mtsikana mmodzi kambirimbiri: akumwetulira, wachita manyazi, wakwiya koma akubisa. Wolemba nkhani mtolo wake ndiye wolemera, poti nkhaniyo imachita nthambi. Wosewera akayankha mwaphuma pa tsiku loyamba, zotsatira zake zikaonekere kutsogolo, ndipo nthambi iliyonse imveke ngati ndiyo nkhani yeniyeni. Ambiri amalumikiza zonsezi ndi Ren'Py, pulogalamu yaulere imene Tom Rothamel anatulutsa mu 2004.

Taonani sewero la Katawa Shoujo. Anthu ongodzipereka, okhala m'mayiko osiyanasiyana, anadzitcha Four Leaf Studios, nalimbana nalo kwa zaka pafupifupi 5 mpaka kulitulutsa mwaulere mu Januwale 2012. Atsikana ake ndi aulumali, ndipo anawalemba mwaulemu wodabwitsa: Rin, wopanda mikono, amapenta zithunzi ndi mapazi, Emi amathamanga ndi miyendo yochita kupanga.

N'chifukwa chake ndikamva kuti kagulu kena kakupanga sewero lotere, sindiwerengera miyezi. Tsiku lotulutsa likasunthidwa, ndimadziwa kuti wina akukonzabe nsidze za munthu wongopeka kuti chisoni chake chioneke bwino.